Chithunzi pamwamba pa fani

Amene sanakhaleko ku Karonga mwezi wa Novembala asamatiuze za kutentha, angokhala chete. Kumeneko dzuwa limalowa m'nyumba kudzera m'malata n'kukhala nawe pampando ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Ndiye munthu wopanga mphepo m'dziko lotere anthu samuiwala msanga, ndipo Zebedee mpaka lero anthu sanamuiwale.

Anayamba ndi makoloboyi. Ankatola zitini za mkaka, n'kumazidula ndi kuziwotcherera pansi pa mtengo wa mango, ndipo mkazi wake Keziya NyaGondwe, mwana wa ku Vinthukutu, ankakwera nazo lole kukagulitsa kwa alimi a mpunga ku Hara. Magetsi a injini atafika pa boma, anthu anati basi, Zebedee watha. Iye anangowoloka Songwe, nakakhala kwa fundi wina, mmisiri wa zamagetsi, ku Mbeya mpaka mpunga utacha, ndipo anabwerako akudziwa kukulunga waya wa mota. Anachita lendi kanyumba kopanda siling'i pafupi ndi msika, nayamba kupanga zotchingira mababu. Kenako tsiku lina anagula mbali ya basi yakugwa, nadulamo mapiko, napachika fani yake yoyamba pa mtanda wa shopuyo.

Faniyo inali ndi chilema. Phiko limodzi linkalemera kuposa anzake, moti ikamazungulira inkalira kuti kwe, kwe, kwe. Zebedee ankati aikonza mawa. Mawa lakelo silinafike, chifukwa a magolosale, a mabala ndi a ku mishoni anayamba kufuna zawo, mpaka analemba antchito. Keziya naye anaphunzira kukulunga waya, ndipo poti zala zake zinali zazing'ono, ma mota ake sankapsa. Kenako chifuwa chinamutenga Zebedee, nasiya mkazi, ana aakazi awiri, Hilda ndi Towera, ndi fani yosakonza ija.

Maliro asanazizire n'komwe anafika Manase, mng'ono wa malemuyo. Manase anali tcheyamani wa chipani kudera la msika, ndipo masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ngati dzuwa lomwe lija: ulikonde usalikonde, likuwotcha basi. Munthuyu sankadziwa kusiyanitsa pulayala ndi sipanala, koma mwambo wa chuma cha masiye ankaudziwa bwino zedi. Anati poti mkulu wake sanasiye mwana wamwamuna, shopu ndi ya banja, ndipo banja ndi iyeyo. Keziya anamuyankha pamaso pa akuluakulu kuti ng'ombe za malowolo zinabweretsa mkazi, sizinagule manja ake, ndipo kuti wofuna shopu ayambe wakulunga mota imodzi aone ngati izungulire. Akuluakulu anaseka mobisa. Manase sanaseke, ndipo kuyambira tsiku limenelo anamusungira kampeni kumphasa.

Anadikira mpaka chilimwe chitafika pachimake. Analowa m'shopu ndi ayufi ake, anyamata a chipani a malaya ofiira, osapereka ngakhale moni. Keziya anaganiza kuti akufuna makadi a chipani, koma Manase anapita kukaima kutsogolo kwa chithunzi cha Mtsogoleri chimene chinali pakhoma, monga zinalili m'shopu iliyonse. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza maso pang'onopang'ono mpaka anafika pa fani.

"Mulamu," anatero, "lamulo mukulidziwa. Palibe chinthu chokhala pamwamba pa chithunzi. Nanga ichi chikuzungulira pamutu pa Mtsogoleri n'chiyani?"

Lamulolo aliyense ankalidziwa. Wotchi, kalendala, ngakhale chithunzi cha ukwati wako, zonse zinkayenera kukhala m'munsi. Koma fani? Nanga mababu? Nanga denga lenilenilo? Palibe anafunsa mafunso amenewa, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo Manase anali atakhala pamkhate waukulu kuposa yonse m'dziko muno. Anati abweranso Loweruka ndi apolisi. Akadzapeza fani ikadali pamwamba, laisensi ithera pomwepo, shopu itsekedwa, ndipo banja liona chochita ndi katundu.

Nkhani inathamanga pamsika ngati moto wa lupsa. Pofika Lachinayi a magolosale anali atatsitsa mafani awo, n'kumagulitsa sopo thukuta lili kamukamu. Amene anapereka maoda anabwera kudzaletsa, akulankhula motsitsa mawu ngati ali pamaliro. Morton, wamkulu wa antchito, amene anayamba ndi Zebedee pansi pa mango paja, anamuchonderera Keziya kuti atsitse faniyo, azipanga za patebulo. Anamukumbutsa za mphunzitsi wa ku Uraha amene anatengedwa ndi apolisi chifukwa cha mlandu wochepa kuposa umenewu, ndipo mpaka pano mkazi wake akudikirabe.

Keziya anachita mantha, tisamanamizane. Ankaganiza za Hilda ndi Towera, kuti iye akatengedwa atsala ndi yani. Komanso ankadziwa kuti fani ya m'shopu mwake ikangotsika, m'Karonga monse palibe adzapachikenso ina, ndipo shopu ya mafani akudenga m'tauni yoopa denga ndi shopu yakufa kale. Manase akanaitenga popanda ngakhale kuthyola loko. Chimene chinamupsetsa mtima koposa n'chakuti munthu woti sanagwirepo nyundo m'shopumo ndiye azimitse fani ya Zebedee.

Loweruka m'mawa anauza Morton kuti atulutse makwerero aatali aja Zebedee ankapachikira mafani m'matchalitchi. Morton anapuma mpweya wa chimwemwe, poganiza kuti mayi amva malangizo. Koma Keziya anapita kukhoma, nachotsa chithunzi, nachipukuta bwinobwino ndi nsalu yonyowa. Antchito onse anabwerera m'mbuyo ngati wanyamula njoka. Atawafunsa amene angakwere nacho, aliyense anapeza chochita ndi manja ake.

Basi anakwera yekha. Anachibereka kumsana ndi chitenje, monga ankaberekera Towera, nyundo m'chiuno, msomali pakamwa. Anadutsa mtanda wa fani, napitirira mpaka pansonga pa denga pamene mapaso amakumana, malo a mileme ndi mavu. Malata anamuwotcha pamutu kudutsa duku, mavu anamuluma pakhosi, koma anakhoma msomali wake, napachika chithunzi, nachiwongola kuti chisapendekeke. Kenako anatsika. Anamwa madzi, nayatsa fani, nakhala pa benchi n'kuyamba kukulunga waya.

Manase anafika dzuwa lili paliwombo, ndi ayufi ake, ndi sajeni wina wa ku Dedza amene anali atangosamutsidwira kuno. Munthu wa kumapiri ozizira ameneyo Karonga inali itamufinya ngati chinkhupule, yunifolomu yonse yonyowa. Anthu a pamsika anadzaza pakhomo ndi pamawindo.

Manase ataona khoma, nkhope yake inawala. Pamalo pa chithunzi panangotsala msomali ndi chigamba choyera cha laimu. Anayembekezera kugwira mbewa, koma apa anaona ngati wagwira nguluwe. Anatembenukira kwa sajeni nanena mokweza, kuti akunja amve, kuti mayiyu wachotsa chithunzi cha Mtsogoleri.

Keziya sanaimirire. Anangoloza kumwamba ndi pulayala.

Mitu yonse inagadama. Kutali uko, pansi penipeni pa malata, Mtsogoleri anali phee, nkhope yake ikuoneka ndi kubisika, kuoneka ndi kubisika, pamene mapiko ankadutsa. Wina pawindo anayamba kuseka koma anasandutsa chifuwa.

Manase anati chimenechi ndi chipongwe, kuika Mtsogoleri kwa mileme, ndipo analamula kuti chithunzi chitsike msangamsanga.

"Yayi, mulamu," anatero Keziya. "Munati pasakhale kanthu pamwamba pake, ine ndamvera. Ndamukweza ndi msana wangawu. Kumutsitsa ndiye sindingathe, manja anga akuopa. Wofuna kuti atsike amutsitse yekha, a sajeni aone."

Sajeni uja anali ataima pansi penipeni pa fani, chipewa chili m'manja, maso atatsinzina pang'ono. Mwina chifikireni ku Karonga aka kanali koyamba kuti khosi lake liume. Anafunsa Manase, mwaulemu wonse, ngati pamwamba pa chithunzicho pali chinthu china kupatula malata. Manase anati nkhani si imeneyo. Sajeni anati iye anatumidwa nkhani imeneyo basi.

"Koma ngati a tcheyamani mukuona kuti chakwera kwambiri, makwerero ndi awo. Ine ndikangonena ku ofesi kuti wachitsitsa ndi ndani."

Manase anayang'ana ayufi ake. Anyamata oti ankagwetsa madengu a amayi pamsika pofuna makadi, tsiku limenelo onse anali kuwerenga zala za kumapazi. Tsopano mkhate uja unali utasintha mwini. Manase anayenda mpaka pa makwerero, nagwira, naponda phazi limodzi. M'shopu munangoti zii, kupatula kwe, kwe, kwe wa fani. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana sajeni, anayang'ana anthu a pakhomo amene mawa lake akanafalitsa mpaka ku Chilumba kuti Manase ndi amene anatsitsa Mtsogoleri pansi pa fani. Thukuta linkagwa kuchigama chake ngakhale anali pamphepo. Anachotsa phazi lija.

Keziya anadzuka, waya akadali m'manja. Analoza makwerero aja.

"Makwerero amenewo ndi a akulu anu, mulamu. Ngati mukufunabe cha masiye, nyamulani amenewo. Zina zonse muno zili ndi mwini."

Manase sanawanyamule. Anatuluka anthu akumupatukira, ayufi ali pambuyo, ndipo sajeni anatsalira pang'ono, akuti akuonetsetsa ngati chithunzi chili chowongoka.

Lolemba kusanatenthe, mwini golosale ya pafupi anabwera kudzabwereka makwerero. Atabweza anatenga wa bala, kenako telala, mpaka Morton anatopa nawo n'kuwauza kuti azingopatsirana okha. Maoda anabwerera, ena anachokera ku Chitipa ndi ku Rumphi, ndipo m'zaka zotsatira shopu inagumula khoma n'kumeza nyumba yoyandikana nayo. Hilda ndi amene anadzakhala wokulunga ma mota. Aliyense wogula fani ya kwa Zebedee ankapatsidwa msomali umodzi wautali, waulere, ndipo palibe ankafunsa ntchito yake.

Tsiku lina Morton, ataona kuti zinthu zayenda, anabwera ndi tchizulo nati tsopano akonze phiko lolemera lija, chifukwa shopu yaikulu chonchi siyenera fani yolira. Keziya anamulanda tchizuloyo.

"Isiyeni," anatero. "Mwini wake anati aikonza mawa."