Mfundo ya Fainala

Pa siteji ya kabaza ya ku Chamama padali njinga yamoto imodzi yokha yomwa madzi, ndipo mwini wake adali Kalekeni. Njinga za anzake zinkazizira ndi mphepo basi, koma yake, yomwe adaigula yogwira kale ntchito ku bungwe lina lodzala mitengo, idali ndi rediyeta kutsogolo ngati galimoto, ndi kafani kobisala kuseri kwa rediyetayo. Akaima, kafaniko kankayamba kulira kokha kuziziritsa injini, anzake n'kumamuseka kuti ng'ombe yake ikupuma wefuwefu. Iye ankangosisita thanki.

Wina amene ankaikonda njingayo adali Shalom, mwana wake mmodzi yekhayo, kamtsikana kosayamba n'komwe sukulu. Njinga zonse zinkamveka mofanana m'makutu a akuluakulu, koma Shalom ankadikira kulira kwa fani. Akangokumva, ankataya chilichonse chili m'manja n'kuthamanga akuimba kuti, "Njinga ya ababa yapuma."

Mayi ake a Shalom, Fainala, adali mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, amene ankalima fodya wa bale pa esiteti ina kuseri kwa Chamama. Adali katswiri posoka fodya, ndipo kwa iye chilichonse chothyoka padziko lapansi mankhwala ake adali chingwe chosokera fodya. Nkhwaira ikaduka, chingwe. Chitseko chikalendewera, chingwe. Tsiku lina chotchingira rediyeta chidataya bawuti n'kuyamba kuchita phokoso, ndipo Fainala adati sangakwere njinga yolira ngati chitini cha opemphetsa. Adagwada, n'kuchimanga ndi mfundo yake ya m'chigafa cha fodya, yomwe ngakhale mphepo ya mkuntho siimasula. Mvula ya chaka chomwecho isanathe, Fainala adadwala masiku ochepa n'kumwalira. Bawuti Kalekeni adaigula, koma idangokhala m'thumba. Mtima sudamulole kudula mfundo imene manja aja adamanga.

Maliro atatha, mwanayo adakakhala ndi atsibweni ake, a Cornelius, m'nyumba za matenanti, poti Kalekeni ankaswera pamsewu. Madzulo aliwonse ankapita kukamuona. Koma a Cornelius atanena kuti fodya akatha kugulitsidwa adzapita naye mwana kwawo, Kalekeni adapsa mtima n'kulankhula zosayenera. Adati mwana wake sangakakulire kwa anthu othawa njala kwawo. Kuyambira pamenepo moni adatha pakati pawo. Akuluakulu a kwa Kalekeni nawonso sadamuthandize. Adamukumbutsa kuti ngakhale kwawo konkuno mwana ngwa kuchikazi. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma Kalekeni adali asanaphunzire zimenezo.

M'mawa wina wa mwezi wa Seputembala, akubwera kokatula munthu, adakumana ndi a Nthanda, mayi woyandikana nyumba ndi a Cornelius, atasenza mtolo wa nkhuni.

"Bambo a Shalom, kodi simunamve? Lole yabwera mmamawa, yanyamula onse a ku Phalombe. Mwananso wakwera."

"Yalowera kuti?"

"Ati ikaima pa Mtunthama kutenga ena a esiteti ya uko, kenako ulendo."

Kalekeni adayesa foni ya a Cornelius, koma idali yozima. Apo m'pamene mantha enieni adamugwira. Zaka zonse zimene adakhala ndi Fainala, dzina la mudzi wa mkazi wake sadalifunsepo. Ukwati adamangira pa esiteti, maliro adaikira konkuno, ndipo a Phalombe aja aliyense ankangowatcha a Phalombe. Sankayembekeza kuti akamulanda mwanayo, mlandu umenewo adaluza kale. Ankangofuna kupeza loleyo isananyamuke, agwade pamaso pa alamu ake, amve dzina la mudzi, kuti tsiku lina adzadziwe kolowera.

Msewu wa pakati pa minda nthawi imeneyo umakhala mchenga wokhawokha. Minda idali mbee, mapesi a fodya atazulidwa, dzuwa likuswa mtengo. Njinga inkayenda ndi giya yoyamba, tayala lakumbuyo likuvina, ndipo ngolo za ng'ombe zinkachita ngati zapangana kuti zimutsekere njira. Posakhalitsa kagetsi kofiira kochenjeza kuti injini yatentha kadayaka. Kalekeni adakaona bwinobwino, koma adayang'ana kumbali. Kenaka kudabwera fungo la chinthu chopserera, nthunzi n'kuyamba kutuluka pansi pa thanki. Adaima pa mjigo, n'kuthira madzi ozizira pa injini yonse mpaka idachita kuti tswee, adadzaza rediyeta, n'kukweranso. Njinga idayesetsa, chifukwa inkamumvera mwini wake, koma atayandikira kwa Wimbe idatsokomola n'kuzima.

Adaikankha mpaka pa mtengo wa mango pomwe a Zakeyo ankakonzera njinga. A Zakeyo adali munthu wachikulire wosadziwa liwiro. Ngakhale moni wawo unkatenga nthawi. Tsikulo kudali msika kwina, choncho pa siteji padalibe kabaza ngakhale mmodzi woti Kalekeni n'kukwera.

"Akulu, ndithandizeni msanga. Mwana wanga ali pa lole pa Mtunthama."

"Tiyeni tione kaye chikudwala n'chiyani," adatero a Zakeyo, akukhudza injini ndi kuseri kwa dzanja. "Iyi mungaotcherepo chimanga. Fani imazungulira?"

"Imazungulira."

"Mwaimva liti komaliza?"

Kalekeni adayamba kuganizira za m'mbuyo. Adakumbukira kuti dzulo lake madzulo, ataima kwa a Cornelius, Shalom sadathamange. Adamupeza akusewera kuseri kwa nyumba, ndipo mwanayo adamufunsa kuti, "Ababa, bwanji lero njinga sinapume?" Iye adangoseka n'kumupatsa mandasi.

A Zakeyo adayamba ndi zing'onozing'ono. Adasolola fyuzi, n'kuiyang'anira kudzuwa, ndipo idali yopsa. Adaikamo ina, nayo idapsa nthawi yomweyo. Adatenga mawaya awiri n'kulumikiza fani molunjika ku batire, koma fani idangoti zii. Kenaka adapisa chala kuseri kwa rediyeta kuyesa kuizunguza, ndipo siidasunthe n'pang'ono pomwe.

"Chilipo chaigwira. Tichotse chotchingirachi." Adatulutsa mpeni.

"Musadule chingwecho," adatero Kalekeni mofulumira.

A Zakeyo adamuyang'ana, n'kuyang'ana chingwe chakuda ndi fumbi chija. Adabweza mpeni m'thumba, n'kumasula mabawuti a mbali ina, kupendeketsa chotchingiracho mokwanira kuti dzanja lilowe. Ntchito ya kanthawi kochepa idatalika chifukwa cha zimenezo, ndipo Kalekeni ankadziwa kuti wochedwetsa ndi iye mwini. Ankangoponda apa, kuponda apo, maso ali kumsewu wa ku Mtunthama.

Potsiriza fani idatuluka. Pa kachitsulo kake kozungulira padali patakulungika ulusi wambirimbiri, wothina, wina utasungunukira pamodzi ndi pulasitiki. A Zakeyo adautsata ndi chala mpaka pomwe udachokera. Idali nsonga yotsala ya chingwe cha Fainala. Miyezi yonseyi inkalendewera mkati, ikunyenyeka pang'onopang'ono, mpaka fani idaikoka n'kudzimanga nayo yokha.

"Nthenda yake ndi imeneyi," adatero a Zakeyo, akununkhiza faniyo. "Yapsa. Inu alimi a fodya, chingwechi mudzamangira ndi ndege yomwe."

Adanena moseka, koma ataona nkhope ya Kalekeni kuseka kudawathera.

"Popanda fani siingayende?" adafunsa Kalekeni. "Pa Mtunthama pokhapa."

"Ikadakhala fani yokha, ndikadati pitani, muzithamanga kuti mphepo izikuthandizani. Koma taimani."

Adatsegula pothirira oyilo n'kuviikamo kamtengo. Kadatuluka ndi zinthu zotuwa ngati tiyi wamkaka. A Zakeyo adapukusa mutu.

"Madzi alowa mu oyilo. Gasiketi yapita, mwinanso mutu wa injini wapindika. Munaithira madzi ozizira ili yotentha?"

"Ndinathira."

"Basi. Ikadazima pomwe kagetsi kanayakira, bwenzi tikukamba za fani yokha."

Kalekeni adakhala pansi pa muzu wa mango. Adaganiza zoyamba kuthamanga wapansi, ndipo adaimiriradi, koma nthawi yomweyo kudatulukira njinga kuchokera ku Mtunthama. Adali Ernest, mnzake wa kabaza, atanyamula matumba a feteleza. Kalekeni adamuimitsa pakati pa msewu.

"Ernest, tsitsa katunduyu unditengere pa Mtunthama. Pali lole ya matenanti."

"Ya a Phalombe ija? Aise, imene ija yapita kalekale. Ndikumanga matumbawa n'kuti ikukhotera ku Kasungu. Pano ili kutali."

"Mwana wanga unamuona?"

Ernest adakanda m'mutu. "Ana analipo ambiri, atakhala pamwamba pa katundu. Fumbi lokhalokha. Sindinganame kuti ndinamuzindikira."

Kenaka Ernest adapepesa n'kupitiriza ulendo wake.

Kalekeni adabwerera pamthunzi. Chisoni chimene chidamugwira sichidali cholira nacho. Akadakhala ndi woti amukwiyire bwenzi zili bwinoko, koma akadakwiyira ndani? A Cornelius adawatukwana yekha. Kagetsi kofiira adakanyalanyaza yekha. Bawuti idali m'thumba mwake mpaka tsiku limenelo, adaimva ikumubaya pantchafu. Adaganiza za Phalombe, dera lonse lathunthu lomwe sadalipondepo, midzi yosawerengeka, iye akuyenda khomo ndi khomo kufunsa za a Cornelius ena ake amene adakalimapo fodya ku Kasungu. Kumeneko nyumba iliyonse ili ndi wina amene adakalimapo fodya ku Kasungu.

A Zakeyo adamaliza kuchotsa ulusi pa fani n'kuuika pa mpando wa njinga. Kenaka adagwedeza chotchingira chija kuti aone ngati chikadali cholimba. Sichidagwedezeke. Mfundo idali pomwepo, yothina ngati yamangidwa m'mawa womwewo.

"Koma amene anamanga apa ankadziwa kumanga," adatero.

"Ankadziwa."

"Nanga titani? Gasiketi ndikhoza kuyesa. Fani ya mtundu uwu njovuta, koma ndili ndi mnzanga ku Kasungu amene amaphwasula njinga zakale. Ndimuuze atifunire? Ikapezeka, idzaliranso ngati kale."

Kalekeni adatenga ulusi uja pampando n'kuufumbata. Adayang'ana msewu wa ku Mtunthama, pomwe fumbi la Ernest lidali litakhazikika kale.

"Isiyeni, akulu," adatero. "Ikalira adzathamanga ndani?"