Malimu a Apongozi

Mumsewu wonse panalibe amene sankadziwa kuti galimoto yasiliva ija si ya mwamuna wa Kyuteksi. Inali ya bambo ake a mwamunayo, madala ovuta amene ankakonda galimoto yawo kuposa achibale ena. Anamubwereka mwana wawoyo dokotala atawaletsa kuyendetsa chifukwa cha ng'ala m'maso. Ndiye mwanayo, makiyi asanafunde n'komwe m'thumba, anapopera malimu onse a matayala penti wa labala wakuda bii, uja amati ukatopa naye umangomusenda ngati nthochi. Anayenda nayo choncho, dzuwa, mvula, mpaka pentiyo anatuwa n'kuyamba kung'aluka.

Tsiku lina m'mawa foni inalira. Madala awachita opaleshoni, maso akuona bwinobwino, ndipo mawa akubwera kudzatenga galimoto yawo.

Tsono Kyuteksi ankagwira ntchito yopaka anthu zikhadabo pa saluni ya pakona, n'kumene kunachokera dzinalo. Zikhadabo zake zinali zazitali, zofiira psuu, moti foni ankadina ndi mfundo ya chala. Apongozi akewo sankamuwerengera. Ankati manja otero sangagwire kanthu m'banja. Choipa kwambiri n'chakuti mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo, mayi wapakamwa ngati wailesi, anali atawauza kale madalawo kuti wadetsa malimu ndi Kyuteksi, poti iyeyo chilichonse chimene waona amafuna kuchipaka.

Kyuteksi atatuluka panja anapeza mwamuna wake atagwada pa tayala, mpeni uli m'manja.

"Bambo a mwana, mpeni wanga wa anyezi ukutani pamenepo?"

"Chinthuchi sichikusendeka, mayi. Chikungonyotsoka tizidutswa ngati mamba a nsomba."

"Ndiye mwati musende ndi limu lomwe? Bweretsani kuno! Mukakala pamenepo, mlanduwo ugwera ine, inu muli phee ngati simukudziwa."

Mwamunayo anakanda m'mutu, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti kuntchito akumufuna. Amuna enatu!

Kyuteksi anaimbira foni ku saluni kuti lero asamudikire. Anaitana a Matayala, bambo wokonza matayala patsidya pa msewu, amene anabwera ndi jeke n'kuchotsa matayala onse. Galimoto anaikhazika pa zochirikiza zachitsulo, chifukwa iwo ankati jeke payekha ndi wabodza, amatha kukugwetsera galimoto pamwendo. Kyuteksi anatsuka malimuwo ndi sopo, n'kuwagoneka padzuwa kuti labala afewe. Kenako anatulutsa bokosi lake la kuntchito. M'mutu mwake nkhani inali yatha kale: penti ndi penti, ndipo mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo anali nawo botolo lathunthu.

Chinamupulumutsa ndi chizolowezi. Kasitomala watsopano akabwera, iye amayamba wayesa mankhwala pa kachala kakang'ono. Choncho anatembenuza limu n'kudontheza pang'ono kuseri, kosaoneka. Labala anasungunuka n'kukhala ngati phula, ndipo atapukuta anaona kuti kuwala kwa limu pamalopo kwachita chifunga.

"Mayi, limu si chala!" anakuwa a Matayala. "Mankhwala amenewo amadya ndi vanishi yemwe. Tsekani botolo msanga!"

Anatseka. Anakhala pa chidebe, manja ali m'masaya, kuyang'ana malimu aja. Anayesa kutsina labalayo ndi chikhadabo, kanabwera kachidutswa ngati nyerere. Pa liwiro limeneli madala akanamupeza atakalamba.

Koma anaona kanthu. M'mphepete, pamene mwamuna wake anachulutsa penti mpaka kuyenderera, labala ankanyamuka wamtali bwino. Pamene anapopera mwaumbombo ndi pamene pankavuta. Kyuteksi anaseka yekha. Zimenezi ankazidziwa! Penti wopyapyala pa chikhadabo amakakamira, koma wokhuthala, atsikana osamva aja amangomumatula ndi mano ali mu basi.

"Bambo a Matayala, nanga nditapoperanso wina pamwamba, wochuluka?"

"Kuti muchotse wakuda, mupake wakuda?" anafunsa a Matayala, akupukuta manja. "Komatu inde. Watsopanoyo agwirana ndi wakaleyo. Musaumire, ndipo mudikire aume."

M'chipinda chosungiramo katundu munali zitini zotsala za penti uja. Anaziyika m'madzi ofunda, anaphimba matayala ndi manyuzipepala, anamanga nsalu kumphuno, n'kuyamba kupopera panja pomwepo podutsa mphepo. Akapopera, adikire. Akauma, apoperenso.

Ndiye inu, msewu wonse unasonkhana pampanda! Mayi wa pagolosale anasiya kasitomala ali chiimire.

"Wazungulira mutu mtsikanayu. Amuuza achotse, iye akuwonjezera!"

"Mwina akufuna apake ofiira, afanane ndi zala."

Mlamu wake uja anatulukira, osapereka ndi moni womwe, anajambula chithunzi n'kutumiza kwa madala pomwepo.

"Alamu, jambulani bwino," anatero Kyuteksi. "Mbali iyi ndi imene ndimaoneka bwino."

Dzuwa litapendeka, labala anali atauma gwa. Kyuteksi anatsina m'mphepete, koma zikhadabo zinkapindika, chimodzi chinathyoka. Anaziyang'ana kanthawi. Anazisamala miyezi yambiri zimenezo, ndipo makasitomala ankabwera chifukwa choziona. Anatenga chowengera n'kuzidula zonse, khwapu khwapu, zikugwera pasimenti. Pampanda paja panamveka kuti "Mayo!"

Anagwira labala ndi nsonga za zala n'kukoka pang'onopang'ono, osathamanga. Ananyamuka! Anatanuka ngati sokosi, akutsika ndi mwendo wa limu, ndipo pansi pake siliva anatulukira ali waliwali ngati wa m'sitolo. Chikopa chonse chinachoka chathunthu. Kyuteksi anachikweza m'mwamba kuti apampanda achione bwino.

"Mayi a pagolosale, mukufuna chipewa?"

M'mabowo a manati ndi m'makona munatsalira tinyenyeswa. Umo analowetsamo timitengo take tosongoka tokankhira khungu la m'mbali mwa zikhadabo, timene sitingakale chitsulo. Potsalira pena anapaka mafuta ofewetsera manati pa kansalu n'kutikita mofatsa. Atatha anatsukanso ndi sopo kawirikawiri, chifukwa a Matayala anati dontho la mafuta likafika pa mabuleki, galimoto imaima kumene yafuna yokha. Mwamuna wake pobwera anapeza matayala abwezeredwa kale, manati amangidwa.

M'mawa mwake madala anatsika takisi nkhope ili gwaa, chithunzi chija chili pafoni m'manja. Mlamu anali pambuyo pawo atanyamula chikwama, akumwetulira ngati wapambana mpikisano. Madala anafika pa galimoto n'kuima. Anayang'ana foni, anayang'ana limu. Anazungulira mbali zonse. Ananjuta, mawondo akulira, n'kuyendetsa chala m'bowo la nati. Chala chinatuluka choyera.

"Wagwira ntchito iyi ndani?"

"Tinayesetsa ndithu, bambo," anayamba mwamuna uja.

"Tinayesetsa? Onetsa manja." Mwanayo anatambasula manja osalala. "Ndipo amene anapopera ndi iwe, eti? Usandinamize, maso ndawagulanso atsopano."

"Ndi ine, bambo," anavomera mwanayo.

Madala anatembenukira kwa Kyuteksi. Iye sanabise manja kumbuyo. Anawaonetsa momwe analili, zala zazifupi, zotupa, zakuda m'mbali.

"M'mabowomu munalowamo bwanji, mayi? Ine ndakhala ndikulimbana namo moyo wanga wonse, mswachi sufika."

Kyuteksi anatulutsa kamtengo kaja m'thumba la epuloni, anagwada pambali pawo n'kuwaonetsa mopendekera mwake. Madala anakalandira, anayesa, analakwitsa.

"Ayi bambo, mukukanikiza kwambiri. Chitani ngati ndi chala cha munthu."

"Chonchi?"

"Eya, mwayamba kukhoza."

"Iwe," anatero madala kwa mwana wawo, osacheuka n'komwe, "katenge mpando, mkazi wako akhale. Ndipo iwe wazithunzi, jambula apa. Utumize konse kumene unatumiza chija."

Mlamu anajambula milomo ili ndwii. Kyuteksi anakhala pampando, anapingasa miyendo, n'kuika manja ake onse awiri pabondo, poonekera.