Mpikisano Womaliza wa Che Haruna

"Akuti mubwerezenso," ndinatero, ngati kuti iwo sanamve.

Bambo anga, Che Haruna, anadina batani la maikolofoni ndi dzanja lamanzere, lokhalo lomwe sitiroko inawasiyira, nayesanso kutchula nambala yawo ya pa wailesi. Lilime linakana. Mzungu wa ku Italy yemwe ankamveka pa wailesiyo anadikira pang'ono, kenako anaitana wina.

Linali Loweruka, tsiku loyamba la mpikisano wa anthu olankhulana pa mawailesi awoawo. Malamulo ake ngosavuta: m'masiku awiri upeze anthu ambiri a kutali, mupatsane nambala, ulembe m'buku. Kwa zaka makumi atatu bambo ankachita zimenezi m'kachipinda kuseri kwa golosale yathu pa Ntaja, waya atamanga kuchoka pamtengo wa mango kukafika pansungwi yaitali. Azungu ankawalimbirana, poti Malawi samveka wamba. Anansi ankati Che Haruna amacheza ndi majini.

Chaka chimenecho sankafuna kupambana. Ankafuna munthu mmodzi yekha, kuti buku litumizidwe kwa okonza mpikisano, nambala yawo ionekenso pa mndandanda komaliza. Ine digiri yanga inali itagona m'sutikesi chaka chachiwiri, ndiye ntchito yogwira cholembera inandigwera. Dzuwa linapendeka tsamba likadali loyera.

"Baba, bwanji ndilankhule ine?"

"Ulibe... laisensi." Anapuma. "Ndinalembetsa... wolankhula... mmodzi."

"Adziwa ndani?"

Mayi analowa ndi tiyi.

"Che Haruna, adokotala anati muzipuma. Azungu anuwo anakupatsaniko chiyani? Ngakhale sopo?"

"Tulukani, Abiti Jimu."

"Mwaona, Habiba? Mawu amenewo okha ndiye amatuluka bwinobwino," mayi anatero akukoka chitseko.

Lamulungu zinthu zinaipiratu. Mitambo inaphimba sola, batire inayamba kufooka, mawu a bambo nawo anatsala mpweya wokhawokha. Anthu khumi ndi anayi anawapempha kuti abwereze. Palibe anadikira kachitatu. Pa mpikisano munthu sadikira wodwala.

Muazini wa kumzikiti ataitana swala, pemphero la masana, bambo anatenga ndodo kukatawaza, kusamba kokonzekera pempherolo. Ndinatsala ndekha ndi phokoso la wailesi. Mkati mwa phokosomo munthu wa ku Brazil ankaitana, kuitana, wopanda womuyankha. Ndinadina batani. Nambala ya bambo ija ndinakula nayo ngati dzina la m'bale wanga, ndipo inatuluka yosalala. Anandiyankha pomwepo, mokondwa ngati watola chinthu pamsewu. Ndinalemba nthawi, nambala yake ndi mphamvu ya mawu. Pasanathe mphindi zisanu, kagetsi ka wailesi kanazima.

Bambo atabwerako anaima pa tebulo nthawi yaitali, akuyang'ana mzere umodziwo.

"Wa kuti?"

"Brazil."

"Anamveka... bwanji?"

"Ngati ali pakhonde pano. Baba, titumize basi. Nambala ndi yanu."

Mbali ya nkhope yomwe inkagwirabe ntchito inamwetulira. Anakhala pansi, natsegula dirowa, natulutsa rula yachitsulo. Anaiika pa mzere uja n'kutenga cholembera, koma rula inaterereka. Anaikonza. Inatererekanso. Dzanja limodzi silikanatha kugwira zonse ziwiri.

"Habiba," anatero osandiyang'ana, "gwira apa."

Ndinakanikiza rula ndi zala ziwiri, iwo n'kudula munthu wa ku Brazil uja ndi mzere wowongoka bwino, kuchoka kumanzere mpaka kumapeto kwa tsamba.