Sofa Yofiira ya Pamphambano

Chibwerere m'tauni, mkuluyo anali atatha miyezi itatu osatuluka mumpanda. Akazi awo atamwalira, mwana wawo wamkazi, namwino wa pachipatala chachikulu, anakawatenga kufamu komwe anayendetsa thirakitala zaka makumi atatu. Anawapatsa chipinda chawochawo, bedi la matiresi, ndi lamulo limodzi: asatuluke pageti okha.

"Magalimoto a kuno salemekeza imvi, bambo."

Ndiye ankangokhala pakhonde, kusuntha mpando kutsata mthunzi, kumvetsera anthu akudutsa kuseri kwa khoma. Ogulitsa makala ankawadziwa mawu okha, nkhope ayi. Maluwa anawathirira mpaka mizu kuwola.

Mwayi unapezeka wantchito wa m'nyumbamo atapita kwawo kukadwazika mayi ake. Panasowa wokatenga mdzukulu kusukulu ya mkaka masana.

"Ndizikamutenga ine," anatero mkuluyo.

"Inu?"

"Miyendo ndikadali nayo yonse iwiri. Kapena unandiika kale m'manda?"

Namwinoyo anagonja. "Tiyese mawa lokha. Mukasochera, nkhani yathera pomwepo. Ndipempha aneba."

Lamlungu masana anawaonetsa njira. Ankayenda patsogolo akulongosola: apa kumanzere, uko kumanja, msewu wachitatu. Iwo ankangogwedeza mutu koma osamva. Kufamu munthu amasunga njira ndi maso, apa chulu, apo mtengo wowombedwa ndi mphezi. Choncho anasankha zizindikiro zawo mwakachetechete: mayi wa nthochi pansi pa ambulera, lole yobiriwira pambali pa ngalande, ndiponso sofa yofiira yomwe inali pakhonde la kalipentala, pamphambano yokhotera kunyumba.

Lolemba anapolisha nsapato, anavala jekete ngakhale kunkatentha, ndipo leveni isanakwane anali atatseka geti. Popita zonse zinali m'malo mwake. Sofa ija anachita kuilonjera ndi chipewa.

Mdzukuluyo anali kamtsikana ka zaka zinayi komwe pakhomo anakapatsa dzina loti Wayilesi, poti pakamwa sikankatseka. Katangowaona kanathamanga n'kuwakoleka chikwama m'khosi.

"Agogo, lero ndamenya mnyamata!"

"Mwachita bwino, akazi anga. Amafuna andilande?"

Anayamba kubwerera, dzanja la mwana lili m'dzanja lawo. Mayi wa nthochi sanamuone, koma anati kaya wapita kukadya. Lole nayo kunalibe. Pansi panangotsala banga la oyilo. Palibe kanthu, anadziuza, sofa ilipo.

Anadutsa mphambano yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Paliponse makoma a njerwa, mabotolo oswa pamwamba, mageti akuda. Chofiira chomwe anaona chinali diresi loyanikidwa pachingwe.

"Agogo, kwathu si uku."

"Iyi ndi njira yachidule."

"Mukunama!"

"Chabwino, lozani inuyo kwanu."

"Kwathu ndi geti lakuda," anatero Wayilesi, n'kuloza mageti atatu nthawi imodzi.

Anthu anali mbwee mumsewumo: wometa tsitsi akukutumula nsalu pakhomo, atsikana awiri akulukana, anyamata a njinga zamoto atagona pamipando ya njinga zawo. Mkuluyo anawadutsa onse mutu uli chilili. Moyo wawo wonse anali asanafunsepo njira kwa munthu. Komanso akanafunsa kuti chiyani? Nambala ya nyumba sankaidziwa. Anthu akanangoseka, n'kumati taonani agogo akumudzi ataya nyumba.

Mwana atayamba kukoka miyendo anamukweza pakhosi. Dzuwa linali paliwombo, jekete yanyowa kumsana. Kenako anazindikira kuti Wayilesi wakhala chete kwa nthawi ndithu, kachibwano katatsamira pachipewa chawo. Apo ndi pomwe mantha enieni anawagwira.

"Madala!" Anali bambo wina wonenepa, pensulo kukhutu, utuchi mpaka m'nsidze. "Aka n'kachitatu mukudutsa pano. Mukuyeza msewu?"

Mkuluyo anaima. Mawu anatuluka movutikira ngati akukoka chitsa.

"Pepani, achimwene. Ndikufuna pamene pali sofa yofiira."

"Mwachedwa nayo, yagulidwa. Yanyamuka pa pikapu thwelofu isanakwane. Koma ndingakupangireni ina, mlungu umodzi basi."

"Sindikugula. Ndi pamene ndimakhotera."

Kalipentala uja anaphulika ndi phwete mpaka pensulo kugwa. Atawayang'ananso kumaso, kuseka kunamuthera. Analowa m'shedi, n'kubwera ndi kapu ya madzi, n'kumwetsa mwanayo.

"Madala, kuno musamakhulupirire chinthu chonyamulika. Nyumba imagona golosale n'kudzuka tchalitchi. Muzisunga thanki la madzi ilo lili m'mwambalo, lija palibe angaligule." Anasuzumira nkhope ya mwana. "Kodi uyu si wa anamwino? Anandisoka chala ichi, taonani. Khoterani pompano, geti lachinayi kumanja. Ndikuperekezeni?"

"Ayi, zikomo. Ndifika."

Pageti lachinayi panali namwino uja, yunifolomu ili m'thupi, foni m'manja, maso ali psuu. Anali atathawa kuntchito kuti adzangoona ngati afika, ndipo nthawi inali itapitirira thuu koloko. Anatsitsa mwana pakhosi pawo, n'kumugwira pachipumi, n'kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa.

Madzi aja anali atamudzutsa Wayilesi.

"Amayi, agogo anasochera! Tazungulira, tazungulira! Ndaona m'mipanda monse. Kwina kuli abakha, kwina abambo ena amasamba panja!"

Mkuluyo anavula chipewa.

"Sakunama. Ndinasochera. Unanena kuti nkhani ithera pomwepo, ndipo sinditsutsa."

"Mukudziwa zomwe ndimaganiza ine pano? Ndaimbira kusukulu, akuti munachoka kalekale. Ndimati ndiyambe kufunsa kuchipatala kwathu komwe!"

"Pepa, mwana wanga."

Anali asanamupepesepo chibadwire. Namwinoyo anayang'ana nsapato zawo zotuwa ndi fumbi, kenako kachikwama ka mwana kali lende pachifuwa cha jekete.

"Nanga mwafika bwanji?"

"Ndinafunsa."

"Inu? Kufunsa munthu?"

"Kalipentala wa pamphambanoyo. Akuti unamusoka chala."

Namwinoyo anafuna kupitiriza kukalipa, koma kuseka kunamutsogolera, misozi ili m'masaya. "Amayi akanamva zimenezi akanagwa pansi." Anapukuta kumaso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukankha geti ndi phazi, mwana ali m'chiuno. Ali pakati pa bwalo anatembenuka.

"Mawa akuweruka hafu leveni, aphunzitsi ali ndi msonkhano. Musachedwe. Ndipo jeketeyo muisiye."

Mkuluyo anapita pampopi wa kuseri kwa nyumba, anatsegula madzi, n'kusamba kumaso nthawi yaitali kuposa mmene fumbilo linkafunira.