Timaenje ta pa Ntchafu za Lushomo

Uthenga utafika ku Chanyanya kuti Lushomo wachira, mwana wamkazi, amayi ake a Dainess anasiyira mnzawo thebulo la nsomba, n'kutulutsa njinga ya malemu amuna awo. Kumbuyo anamangako mphika waukulu, thawulo lakale ndi botolo la mafuta a nsatsi amene anakazinga n'kusinja okha. Anapalasa mpaka ku tauni ya Kafue osapuma, fumbi lili m'mano.

Lushomo anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Bambo ake, a Benson, anapita ndi mvuu imene inagudubuza bwato mwanayo akadali ku pulayimale. Kuyambira pamenepo a Dainess analera ndi nsomba, ndi pakamwa pawo pamene anthu a kudoko ankapaopa kuposa ng'ona.

Ntchito imene ankapitira ndi yodziwika. Mkazi akabereka, amake amamuthowa. Amawiritsa madzi, kuviika nsalu, kufinya pang'ono, n'kumakanikiza pamimba, m'chiuno ndi m'ntchafu, kuti thupi libwerere m'malo mwake. Iwowo anathowedwa choncho. Ana a eni ake anathowa ambirimbiri ku Chanyanya, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerako ndi dandaulo.

Lushomo ankakhala m'komboni ya kufupi ndi mafakitale ndi mwamuna wake Boyd, amene pakati pa sabata ankayendetsa kagalimoto konyamula matumba, Lamlungu n'kuvala suti yowala kukalandira anthu pakhomo la tchalitchi. Tsikulo anali kuntchito. Unali mwezi wa Okotobala, malata akulira ndi dzuwa, koma Lushomo anamupeza atavala tayiti yakuda yothina kunsi kwa chitenje.

"Iwe, kupya konse uku wavala tayiti? Ufuna kupya monga mbatata ya kandolo?"

"Nili chabe bwino, Mami. Onani muzukulu wanu."

Mdzukulu anamuona, anamununkhiza pamutu, anaseka mpaka chiseyeye kuonekera. Kenako anakoleza mbaula n'kutereka mphika.

"Mami, masiku ano sibathowa. Ni va kudala ivo."

"Va kudala? Iwe unachoka mu mimba ya manje manje? Tiye ku bafa."

"Mailo, Mami," anatero Lushomo, kutanthauza mawa.

"Mailo thupi izakhala yauma. Nyamuka."

Bafa inali kachipinda ka mabuloko kopanda zenera. Lushomo anavula tayiti ija pang'onopang'ono, atafulatira. Mumdimamo a Dainess anaona kuti ntchafu zayera kuposa nkhope, zikunyezimira ngati zapakidwa vanishi, koma anati ndi za mimba, mimba imasintha munthu. Anaviika thawulo, anafinya, anayesa kutentha kwake pamkono pawo monga ankachitira nthawi zonse, n'kukanikiza pantchafu ya kumanja. Lushomo anakukuta mano. Anakanikizanso ya kumanzere, n'kukoka thawulo chotsitsa.

Khungu linatsalira pathawulo. Linasendeka monga limachitira la tomato ukamuthira madzi otentha. Pansi pake panali nyama yofiira, ikuchucha madzi.

Kukuwa kwa Lushomo kunatulutsa anthu m'nyumba zoyandikana. A Dainess anangoima, thawulo lili m'manja, akuyang'ana chimene chinali pamenepo.

"Mwana wanga, wachita chani ku thupi yako?"

Podikira takisi imene mnansi anakaitana, Lushomo ali chigonere pamkeka, ananena zonse. Nkhani inali ya timaenje. Akazi ambiri ali nato, timaenje tija ta kuntchafu ndi kumatako, khungu looneka ngati la lalanje. Lushomo anali nato kuyambira ali namwali, osasamala. Koma atangokwatiwa, achinyamata a kutchalitchi anapita kukacheza kumtsinje pafupi ndi mlatho, iye atavala kabudula. Boyd anamuloza pamaso pa anzake.

"Ati onani musewu wa ku Chanyanya nthawi ya mvula. Ati motoka ingafe mashoko apa. Bonse banaseka, Mami. Na ine n'naseka."

Sizinathere kumtsinje. Dzina lija la msewu wa ku Chanyanya linalowa m'nyumba, linafika mpaka kuchipinda.

Poyamba anayesa zimene anaona pa foni, zosapweteka munthu. Ankasakaniza khofi ndi saladi, mafuta ophikira aja, n'kumadzikhula posamba. Ankamwa madzi ambiri, anasiya zitumbuwa ndi zakumwa za shuga, m'mawa uliwonse ankayenda mpaka kusiteshoni ya sitima n'kubwerera. Thupi linapepuka, khungu linasalala, tulo ankagona tabwino. Timaenje tinachepa pang'ono, koma kuchoka ayi. A Dainess ankakumbuka kuti nthawi imeneyo mwanayo anawafunsapo, iwo n'kungokweza chitenje kumuonetsa zawo, amvekere, "Ni va pa banja ivi, atate ako banafa bakali kuvikonda." Ankayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Boyd anati khofi ndi saladi uja akununkhitsa m'nyumba ngati m'kantini. Ndiye kunabwera a Jasmine, mayi woimba kwaya kutchalitchi komweko, amene ankasakaniza mafuta m'beseni kunyumba kwake n'kumathira m'mabotolo a mayonezi opanda chizindikiro.

"Banati ni va mitengo chabe, karoti na aloe. Ati bamavipempherera. Ati uzola, wamanga pulasitiki, wavala tayiti kuti vingene bwino."

"Kuyambira liti?"

"Nikalibe kutenga mimba."

"Na mimba yonse?"

Lushomo anatseka maso.

Kuchipatala nesi wachikulire anatsegula botolo la mafuta a Jasmine limene anabwera nalo, ananunkhiza, n'kulitseka msanga.

"Umu mulibe karoti, amai. Bamafinyiramo machubu ya mankhwala yamphamvu, yamene dokotala amapatsa munthu wa vilonda masiku yang'ono chabe, na vina voyeretsa khungu vamene vinaletsedwa. Ukazola miyezi na miyezi, khungu imasala monga pepala. Na thupi imaleka kulimbana na matenda. Nanga wamuthowa ni ndani?"

"Ndine."

Nesiyo sanawakalipire. Anangowayang'ana, n'kupumira m'mwamba.

"Chomvetsa chisoni, timaenje utu si matenda. Ni mafuta yali pansi pa khungu. Na ine nili nato. Vozola sivifikako na kufikako."

Boyd anafika madzulo atavala ovolosi, pamodzi ndi mlongo wake. Chikwatireni mwana wawo, a Dainess anali asanamuyang'anepo m'maso. Ankamupatsa moni atagwada cham'mbali, nkhope kumbali, monga zimakhalira ndi mpongozi. Iye anaima pakhonde la wodi, mawu ali pamwamba kuti onse amve.

"Apongozi, mwaniochera mukazi na va kumunzi vanu. Tinakuitanani ise?"

A Dainess anaimirira pabenchi paja. Anayenda mpaka pamene mpweya wa Boyd unkawafika, n'kumuyang'ana pakati pa maso.

"Namvera ati munali kufuna musewu wa tara, apongozi. Ngenani mukaone. Bautsiriza."

Mlongo wake wa Boyd anati, "Vinali vocheza chabe vija," n'kumukoka dzanja. Tsiku limenelo sanalowe.

Mawu a Boyd anali oipa, koma a Dainess anawatenga n'kupita nawo. Manja amene anasenda mwana anali awo. Ankati akakhala, n'kumawayang'ana manjawo, okhakhala ndi mamba a nsomba, ngati ndi a munthu wina. Bwenzi atamutulutsa padzuwa kaye. Bwenzi atafunsa kuti tayitiyo ikubisa chiyani.

Loweruka masana anasiya khanda kwa mnansi, anatenga thawulo lija ndi botolo lina limene analipeza kunsi kwa bedi, n'kulunjika kutchalitchi kumene amayi a kwaya ankaphunzira nyimbo. Analowa nyimbo ili pakati.

"Ba Jasmine ni bati apa?"

Panatuluka mayi wonenepa bwino, nkhope yoyera mbee, zala zakuda m'mfundo.

"Ndine, Mami. Ambuye bakudalitseni."

"Banidalitsa kudala. Ivi ni vanu?"

"Ni va mitengo chabe, Mami, mulibe choipa. Mwina mwana wanu ni magazi yake yamene..."

"Karoti timadya. Nyambitani."

"Shani?"

"Tengani na chala, nyambitani, bonse aba baone. Ngati mwameza, nizagwada pano kupempha chikhululukiro."

Jasmine anabweza manja kumbuyo. Anayamba kunena za mzimu wa chisokonezo umene walowa m'nyumba ya Mulungu. A Dainess anatambasula thawulo lija n'kuliyala pansi patsogolo pa guwa, ndi zonse zimene zinaumirapo.

"Uyu ni Lushomo. Mumuimbire."

Ndipo potembenuka kuti azituluka, m'pamene anaona miyendo. Kutentha konse kuja, m'tchalitchi cha malata, atsikana ndi amayi angapo anali atavala matayiti akuda kunsi kwa masiketi. Wina anakoka siketi yake kuti ibise maondo. A Dainess anafuna kutukwana. Koma anatuluka ali chete, chinthu chimene ku Chanyanya palibe akanakhulupirira.

Kuwodi zilonda zinakana kupola. Madokotala anayesetsa, manesi ankatsuka ndi kumanga m'mawa ndi madzulo, koma khungu la m'mphepete linkangonyotsoka, chilonda n'kumakula. Kenako kunabwera kutentha thupi. Mkaka unauma, khanda ankalimwetsa wa m'chitini. Boyd anabwera Lamlungu ndi gulu la opemphera, anaima kumiyendo kwa bedi, anafuula mapemphero maso ali kudenga. Bulangeti sanalikweze.

Tsiku lina Lushomo anatsitsimuka pang'ono, n'kupeza amayi ake akumupukuta pachipumi ndi madzi ozizira.

"Mami, mwaleka kukamba. Simuli imwe."

"Nizakamba chani? Ndine n'nakuocha."

"Manzi yanali chabe bwino. N'nayopa kukuuzani. N'naziba kuti muzanitukwana."

"Nenze nizakutukwana, ee. Mpaka komboni yonse imvere. Koma sembe uli na khungu yako."

Lushomo anaseka pang'ono, kuseka kopweteka. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mwana wopempha shuga.

"Koma tinachokako, Mami? Timaenje?"

A Dainess anali asananamepo kwa mwana wawo chibadwire chake. Anayang'ana milomo yosweka ija, maso olowa m'kati.

"Tinachoka. Gona."

Anamwalira mawa lake dzuwa lili paliwombo, sitima ya katundu ikudutsa, mawindo a wodi akunjenjemera.

Kumochale amayi achikulire anati make wa munthu sasambitsa mtembo, akhale panja. A Dainess anawakankha ndi phewa n'kulowa. Anasambitsa okha, ndi madzi ozizira, pang'onopang'ono, osakhula. Pomutembenuza kuti amupukute kumsana anaona kumbuyo kwa ntchafu, m'mwamba mwa mabandeji, pamene khungu linali lisanachoke. Timaenje tija tinali pomwepo, tonse, monga ta iwo eni, monga ta amayi awo. Mankhwala anadya khungu, anadya munthu, timaenje osatikhudza.

Anatulutsa m'chitenje botolo la mafuta a nsatsi. Anali oti azidzamudzoza akamaliza kumuthowa, ndipo anali asanatsegulidwe. Anathira m'manja n'kudzoza pamalo pamenepo, kamodzi kamodzi ndi chala, kwinaku akulankhula zimene amayi enawo sanamve. M'pamene analira, kulira kwa mawu aakulu kosasamala za munthu.

Panyumba ya maliro, ataika kale, abale a Boyd anakambirana za khanda. Boyd amagwira ntchito, mlongo wake amapita ku Lusaka tsiku lililonse kukaoda katundu, amayi ake ndi odwala miyendo. Pomaliza anati agogo ake a ku Chanyanya amutenge kaye. A Dainess sanathokoze. Akanakana kuwapatsa, akanamutenga ndithu.

Asananyamuke, amayi a pamaliro ankapatsirana mwanayo, kumuvula thewera, kumuseweretsa. Mkaka wa m'chitini unali utamuyanja. Mlongo wake wa Boyd anamutsina pantchafu n'kuseka.

"Onani timaenje, mwe bantu! Kukongola kwake! Aka kazavuta banyamata."

Amayi onse anaseka, ena a matayiti akuda ali pomwepo. A Dainess anawoloka chipinda, anamulanda mwanayo, n'kumubereka kumsana. Mphika anausiya. Thawulo linatsala kutchalitchi. Pa njinga anamangapo zitini za mkaka ndi kachikwama ka zovala basi.

Mvula yoyamba inali itagwa dzulo lake. Atasiya tara n'kukhotera njira ya ku Chanyanya, msewu unali wokumbikakumbika, madzi ali m'maenje, njinga ikudumpha. A Dainess anatsika n'kumaikankha, kuti mwana asadzuke.