Phokoso la mu Nyimbo Yachitatu

Mayi wina anali ndi kaseti imene malemu mwamuna wake anaijambula yekha pabalaza, atayandikizitsa wailesi ziwiri. Munali nyimbo zachizungu zija zoyenda pang'onopang'ono, gitala akulira ngati munthu wotopa ndi ulendo, woimba akuimba motsitsa mawu ngati akuopa kudzutsa mwana. Mayiyo sankamva tanthauzo lake, koma kwa zaka zisanu chimwalirire bambowo, ankaiika Loweruka lililonse akamatsuka mbale.

Wailesi itayamba kuitafuna kasetiyo, anapita nayo kwa wokonza mawailesi kuti asamutsire nyimbozo pa foni.

"Mayi, ntchito ndaigwira mwaukhondo," anatero wokonzayo, akumwetulira monyadira. "Munali phokoso lambiri. Wina kutsokomola, mbale kugundana, wina kulankhula. Zonsezo ndachotsa."

"Nanga kaseti ija?"

"Inadukaduka pomaliza. Ndinataya."

Mayiyo anathokoza, nanga akanatani? Atafika kunyumba anaika foni pawindo la kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale. Wokonza uja sananame, nyimbo zinkamveka bwino kuposa kale.

Nyimbo yachitatu inafika pakati, pamalo paja mwamuna wake ankatsokomola n'kukuwa kuti, "Amayi a ana, mbalezo pang'ono, ndikujambula kuno!" Panalibe aliyense. Gitala anangopitirira yekha.

Komabe manja ake anaima m'madzi, monga ankachitira Loweruka lililonse. Anadikira ali chiimire, osagunditsa ngakhale supuni, mpaka nyimboyo inatha, kuopa kuwawonongera bambo a ana ntchito yawo.