Zumbani m'Botolo la ku Falansa

Kwa zaka khumi ndi zinayi Che Nasoro anali khukhi wa Bwana Dawson ku Murambi, m'tauni ya Umtali ku Rodeshiya, ndipo madzulo alionse ankasakaniza chakumwa chomwe iwo eni sanachilawepo. Anali Msilamu wosaphonya swala. Mowa ankaudziwa ndi mphuno basi.

Kasakanizidwe kake sikanali kovuta. Ankatsuka tambula yamimba ndi madzi ofunda, n'kuthiramo muyeso wa zala ziwiri wa mowa wotsekemera wa zitsamba wochokera ku Falansa. Pamwamba pake ankatsetsereza burande, zala ziwirinso, kudzera pamsana pa supuni kuti ayandame. Ayisi ayi. Bwana ankalandirira pakhonde, kununkhiza, kenako n'kulengeza kuti dziko likadali m'manja abwino.

Mabotolo a ku Falansawo ankalowa mozemba kudzera ku Beira, poti maiko akunja anali atakana kugulitsana zinthu ndi Rodeshiya. Malire a Mozambiki atatsekedwa, botolo lomaliza linayamba kutsika. Kusuzumira m'kabati sinali ntchito ya bwana, iye ankangoitanitsa. Tsono khukhi wokanena kuti mowa watha ankaoneka ngati waumwa yekha, ndipo ntchito ikatha kankathanso kanyumba kakuseri komwe Che Nasoro ankakhala ndi mkazi wawo Adija.

Ndiye anathyola zumbani, masamba amene Ashona amamwa ngati tiyi akagwidwa chimfine. Anawawiritsa ndi uchi, jinja ndi makoko a ndimu, kusefa pa kansalu, kuthirako burande pang'ono, n'kutsira m'botolo lakale lija. Mphuno ikavomereza, ankatseka. Bwana anamwa zimenezi chaka ndi theka osadandaula, mpaka anauza alendo ake kuti odziwa mowa ndi Afalansa okha. Tisabise, Che Nasoro ananyadira kwambiri tsikulo. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nkhondo inali itafika pakhomo. Bwana ankapita kutchire milungu isanu ndi umodzi atavala yunifolomu, kukalimbana ndi anyamata omenyera ufulu, n'kubwerako wowonda, maso ali mwazimwazi. Azungu ankanong'onezana kuti ku Burma Valley khukhi wina wathirira abwana ake chiphe. Palibe ankadziwa dzina la khukhiyo kapena famu yake, koma nkhani inkayenda ndithu.

Loweruka lina masana bwana analowa m'khitchini, malo amene sanapondemo zaka. Anapeza poto wa masamba akubwadamuka, botolo la ku Falansa lili chotsegula pambali.

“N'chiyani ichi?”

“Zumbani, bwana. Mowa uja unatha kalekale.”

“Wakutuma ndani? Anyamata akutchire aja?”

“Palibe wandituma, bwana.”

“Sakaniza ndione.”

Che Nasoro anatsuka tambula, kuthira zala ziwiri, kutembenuza supuni, kutsetsereza burande. Ananyamula tambulayo ndi manja awiri monga mwa masiku onse.

“Imwa,” anatero bwana.

Pempholo silinali lachilendo. Kwawo ku Mangochi wopereka thobwa amayamba kumwa yekha kuti mlendo mtima ukhale m'malo. Choncho Che Nasoro anaika tambula patebulo, kutunga za mupoto muja ndi kapu yawo yachitsulo, kuuzira, n'kumwa zonse bwana akuyang'ana.

“Mwaona, bwana. Masamba chabe.”

“Sindikunena izo. Za m'tambula.”

“Muli burande umo. Mukudziwa kuti ine sindimwa.”

“Lero umwa. Ukapanda kumwa, dzuwa lisanalowe ndisakuonenso pano.”

Che Nasoro anayang'ana tambula ija. Anaganiza za Adija ndi miyendo yake yotupa, za kanyumba kokhala ndi mpopi pakhomo. Kumwako kamodzi kokha, ndipo ku mzikiti sakanamva munthu. Anachita mantha, komanso manyazi kuti aganizapo n'komwe. Kenako anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kuiika pambali pa tambulayo.

“Pepani, bwana. Sindingathe.”

Adija atamva nkhaniyi anamanga mapoto ndi mabulangete m'chitenje, Che Nasoro anasenza sutikesi ndi mkeka wopempherera. Ku Dangamvura, komboni ya anthu akuda, kunali mlamu wawo Ahamadi, wa nyumba ya zipinda ziwiri ndi ana asanu ndi mmodzi. Kumeneko ndiko kunali kopita.

Njira ya ku geti inkadutsa kutsogolo kwa khonde. Dzuwa linali litapendeka, nthawi yake yomwe ija. Bwana anali pampando wake, mfuti itatsamira khoma, mutu ataupendeketsera kumbuyo, akukhuthulira m'kamwa dontho lomaliza.

“Kodi si tambula munasakaniza ija?” ananong'ona Adija.

“Ndi yomweyo,” anatero Che Nasoro. “Tiyeni, basi ingatisiye.”